Khungu la nsomba, khungu lopopera: zimene zasintha pochiza mabala amoto

Pali kavidiyo kamene kamazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, kamasowa miyezi ingapo kenako n'kutulukiranso. Munthu wagona pabedi m'chipatala, mkono wake wonse aukuta ndi khungu la nsomba, mawanga a mamba akuoneka bwinobwino, dokotala akulisalaza ndi zala. Anthu akakaona amagawikana. Ena amati n'zopanga pa kompyuta. Ena akamva kuti nsombayo ndi m'bale wake wa chambo amafunsa kuti nanga ife tikudikira chiyani, nyanja tili nayo. Koma funso limene limandidetsa nkhawa ndi la mayi amene amafunsa ndi mtima wonse kuti, mwana akapsa ndi phala, kodi ndingasende chambo n'kumumata pabalapo?

Ayi mayi, musatero, ndipo chifukwa chake chimveka kutsogoloku. Komabe kavidiyoko si kabodza. Ndi kachigawo chabe ka kusintha kwakukulu kumene kwachitika m'zaka zoposa 50 zapitazi pa ntchito ya madokotala a khungu ndi madokotala okonza ziwalo, aja amatchedwa a plastic surgery. Dzina limeneli silikunena za pulasitiki wa majumbo ndi mabeseni. Linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuumba, monga amachitira woumba mbiya ndi dongo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka, choncho nkhaniyi ndi yathu ndithu.

Moto umatenga chiyani ukatenga khungu

Khungu lili ndi zigawo ziwiri. Pamwamba pali kachigawo kopyapyala ngati pepala, kamene madokotala amakatcha epidermis. Kameneka kamadzikonza kokha. Maselo, timagawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga thupi, amabadwa kunsi kwake n'kumakwera pamwamba, ndipo pakatha pafupifupi mwezi amakhala asinthana onse. Pansi pake pali chigawo chochindikala, dermis, cholukidwa ndi ulusi wolimba wotchedwa kolajeni. M'menemo ndi mmene muli timitsempha ta magazi, minyewa yomvera ululu, mizu ya tsitsi ndi cheya, komanso timatumba totulutsa thukuta. Dermis ikawonongeka siimeranso ngati kale. Thupi limangotseka malowo ndi chipsera.

Amene anaonapo tchire litapsa mu September amadziwa kuti pakapita masabata ochepa palupsa pamaphuka msipu, mvula isanagwe n'komwe, chifukwa moto unangonyambita pamwamba koma mizu ili moyo. Pamene panali uvuni wa makala pamasiyana. Dothi lenilenilo linapsa, pamakhala poyera nthawi yaitali, ndipo udzu umangoyandikira pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Khungu limachita chimodzimodzi. M'mizu ya cheya ndi m'timatumba ta thukuta mumabisala maselo a epidermis. Moto ukapanda kuzama, maselo amenewa amaphuka malo ambirimbiri nthawi imodzi ndipo bala limatsekeka m'masabata awiri. Moto ukadya dermis yonse, mulibenso mbewu m'katimo, bala limadalira m'mbali mokha, ndipo bala lalikulu silingapole motero.

Apa pali chinthu chimene chimanamiza makolo ambiri. Bala lonyowa, la matuza, lofiira, limene mwana akulira nalo kwambiri, nthawi zambiri ndi losazama. Bala louma, lotuwa kapena lakuda, lolimba ngati chikopa cha lamba, limene ukalikhudza mwini wake samva kanthu, ndiye loopsa, pakuti minyewa yomvera ululu inapsera limodzi. Pakati pa awiriwa pali mabala ovuta kuwadziwa m'masiku oyambirira, ndipo ngakhale dokotala wozolowera amalakwitsa pafupifupi limodzi mwa atatu kapena anayi akamangoyang'ana ndi maso. Zipatala zina tsopano zili ndi makina a laser Doppler, amene amaunika bala popanda kulikhudza n'kujambula mapu a mmene magazi akuyendera pansi pake. Pamene magazi akuyenda bwino papola pokha, pamene sakuyenda pafunika opaleshoni. Kudziwa zimenezi msanga n'kofunika chifukwa bala limene lapitirira masabata atatu lisanatsekeke kawirikawiri limasiya chipsera chotupa ndi chokoka.

Kukula kwa bala amakuyeza ndi dzanja la wodwala yemweyo: chikhatho ndi zala zake ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lonse. Kwa ana amagwiritsa ntchito tchati cha Lund ndi Browder cha 1944, popeza mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake. Nambala ya maperesenti a khungu lopsa ndi imene imauza dokotala kuchuluka kwa madzi a dilipi, chifukwa munthu wopsa kwambiri amataya madzi a m'mitsempha mofulumira moti impso zimatha kusiya kugwira ntchito. Kawerengedwe kodziwika kwambiri ndi kamene Charles Baxter anakakonza pa chipatala cha Parkland ku Dallas, ku America: mamililita 4 kuchulukitsa ndi makilogalamu a wodwala, kuchulukitsanso ndi maperesenti a khungu lopsa. Munthu wa makilogalamu 60 amene wapsa maperesenti 20 afunika mamililita 4,800 m'maola 24, theka lake m'maola 8 oyambirira. Maolawo amawerengedwa kuyambira pamene anapsa, osati pamene wafika kuchipatala. Nambalayo ndi poyambira chabe. Madokotala amawonjezera kapena kuchepetsa poona kuchuluka kwa mkodzo ola lililonse.

Kudikira, kapena kusenda msanga

Kale bala lozama ankangolitsuka ndi kulipaka mankhwala tsiku ndi tsiku, kudikira kuti chinkhanambo cha khungu lakufa chitayuke chokha. Zinkatenga masabata atatu kapena kuposa. Choipa chake n'chakuti chimene chimatayula nkhanamboyo ndi tizilombo toswana kunsi kwake, ndipo odwala ambiri ankamwalira tizilomboto titalowa m'magazi, tsiku la opaleshoni lisanafike.

Amene anasintha zimenezi ndi mayi wina wa ku Slovenia, dokotala Zora Janžekovič, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Maribor. Iye anayamba kusenda khungu lakufalo m'masiku oyambirira, kagawo ndi kagawo, mpaka timadontho ta magazi titayamba kutuluka, chizindikiro chakuti mpeni wafika pa mnofu wamoyo. Pomwepo ankaphimba malowo ndi khungu lotengedwa pena pa thupi la wodwalayo. Anafalitsa zotsatira zake mu 1970, ndipo njira imeneyi inadzakhala maziko a zipatala za mabala amoto m'mayiko olemera. Mwa zonse zimene ndifotokoze m'munsimu, ndikuona kuti palibe chimene chinapulumutsa anthu ambiri kuposa ichi.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Wodwala amataya magazi ambiri, ndipo mpeni sungapewe kutengako dermis ina imene inali moyo. N'chifukwa chake anthu anafunafuna chosendera chosankha. Amene anadyapo chinanazi chambiri mpaka lilime kuyabwa anamvapo mphamvu ya bromelain, chinthu cha m'chinanazi chimene chimasungunula mapuloteni. Kampani ina ya ku Israel inachiyenga kuchokera ku tsinde la chinanazi n'kupanga mankhwala otchedwa NexoBrid. Amapakidwa pabala kwa maola anayi, amasungunula khungu lakufa n'kusiya lamoyo. Analoledwa ku Ulaya mu 2012 ndipo ku America mu 2022. Amapweteka kwambiri, choncho wodwala amafunika mankhwala amphamvu opha ululu, ndipo sapakidwa pa malo aakulu kwambiri nthawi imodzi.

Kumezanitsa khungu

Mlimi amene amamezanitsa mango amadziwa kuti kanthambi kamagwira pokhapokha kakakhudzana bwino ndi tsinde lamoyo, kamangidwe kolimba, osagwedezedwa. Skin graft, kumata khungu pabala, kumatsata malamulo omwewo. Dokotala amasenda kachigawo kopyapyala ka khungu labwino, kawirikawiri pa ntchafu, ndi mpeni wapadera wa Humby kapena makina otchedwa dermatome. Amatenga epidermis ndi pamwamba pa dermis pokha, mizu ya cheya n'kutsala, choncho posendedwapo pamapola pokha m'masiku 10 mpaka 14 ndipo pakapita nthawi angasendeponso.

Kachidutswako kamafika pabala kalibe magazi akeake. Masiku awiri oyambirira kamangoyamwa madzi a pabalapo. Kenako timitsempha ta pansi timalumikizana ndi take, ndipo pofika tsiku lachisanu kamakhala kagwira. Adani ake ndi atatu: magazi oundana pansi pake, tizilombo, ndi kukhuzika. Mukaona anesi akuletsa wodwala kusuntha mwendo kapena akukana kutsegula bandeji kwa masiku angapo, chifukwa chake n'chimenechi.

Tsopano nayi mfundo imene kavidiyo ka nsomba sikanena. Khungu limene lingakhale pathupi la munthu moyo wake wonse ndi lake lomwe. La mayi ake, la mkulu wake, la nkhumba, la nsomba, lonselo thupi limalizindikira kuti n'lachilendo, limalikana kapena kulisungunula. Amapasa ofanana ndendende okha ndi amene angapatsane khungu lokhalitsa. Ndiye munthu amene wapsa maperesenti 60 kapena 70 khungu lomata alitenga kuti? Zatsopano zonse za m'gawo lino zikuyankha funso limodzi limeneli, zina potambasula khungu lochepa lotsalalo, zina pofunditsa bala podikira, zina polima maselo a mwini wake.

Kutambasula ndiko kunayamba. Mu 1964 madokotala Tanner ndi Vandeput anabweretsa makina obowola kachidutswa ka khungu timipata tambirimbiri, kuti kakakokedwa kazitambasuka ngati ukonde, kuwirikiza kamodzi ndi theka kapena katatu. Mipata ya ukondeyo imatsekeka yokha, monga mmene kapinga wodzalidwa motalikana amayangira mpaka kudzaza bwalo. Chizindikiro cha ukonde chimatsala pakhungu, choncho pa nkhope ndi m'manja amayesetsa kumata khungu losabowola. Njira ina ndi ya Cicero Parker Meek ya 1958, imene inaiwalika kenako madokotala a ku Beverwijk ku Netherlands anaitsitsimutsa m'zaka za m'ma 1990. Khungu limadulidwa timabokosi ta mamilimita atatu, tokwana 196 pa kambale kamodzi, n'kumatidwa pa nsalu yopindidwa. Nsaluyo ikafunyululidwa timabokosito timamwazikana motalikana bwino, ndipo khungu limatha kufikira malo owirikiza mpaka kasanu ndi kanayi. Ubwino wake wina n'ngwakuti ngakhale tizidutswa ting'onoting'ono timene tikanatayidwa timagwira ntchito.

Chofunda chobwereka, ndi malo a nsomba

Podikira kuti posendedwa papole kapena kuti wodwala apeze mphamvu, bala silingakhale poyera. Limataya madzi, mapuloteni ndi kutentha, ndipo limalowetsa tizilombo. Chofunda chabwino kwambiri ndi khungu la munthu womwalira amene analola kupereka, losungidwa m'nkhokwe zapadera zotchedwa skin bank. Limamatirira kwa masabata ochepa thupi lisanalikane, ndipo masabata amenewo amapulumutsa moyo. Koma nkhokwe zotere n'zochepa, ndipo m'madera ambiri mwambo ndi chipembedzo sizilola mtembo kutengedwa kanthu. Ena amagwiritsa ntchito khungu la nkhumba, enanso kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mwana m'mimba.

Ku Brazil nkhokwe za khungu zinali zosakwanira, pomwe alimi a nsomba ankangotaya khungu la tilapia akachotsa mnofu. Mumzinda wa Fortaleza, dokotala Edmar Maciel ndi anzake a pa yunivesite ya boma ya Ceará anayamba kuliyesa mu 2015, ndipo chaka chotsatira linafika pa odwala a pa chipatala cha Instituto Dr. José Frota. Nsomba yake ndi tilapia ya ku Nile, ya m'banja la Oreochromis, lomwenso muli chambo ndi makumba athu. Khungu lake lili ndi kolajeni wambiri wofanana ndi wa munthu, ndi lolimba, ndipo limasunga chinyezi.

Poyamba odwala amenewa ankapakidwa kirimu wa silver sulfadiazine, uja woyera amene ambiri tinamuonapo m'mawodi athu. Kirimu ameneyu amafuna kuti bala lizitsukidwa n'kumangidwanso tsiku lililonse kapena pakadutsa tsiku, ndipo amene anamvapo kulira kwa ana pa nthawi yotsuka mabala amadziwa tanthauzo lake. Khungu la tilapia limamatirira pabala losazama n'kukhalapo pafupifupi masiku khumi osachotsedwa, khungu la mwini wake likuphuka kunsi kwake, kenako limauma n'kusupuka. Pa mayeso a ku Fortaleza, odwala anafunika kusinthidwa mabandeji kochepa, anamva ululu wochepa, ndipo ena anapola msangako. Phindu limeneli ndi lalikulu, makamaka kwa mwana. Koma khungu la nsombalo silisanduka khungu la munthu, ndipo pabala limene dermis yonse inapsa silingalowe m'malo mwa graft.

Limene mumaliona m'kavidiyo silinachoke ku msika kupita pabala. Limatsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo, limanyikidwa m'mankhwala amadzimadzi otchedwa glycerol, kenako limaunikidwa ndi cheza champhamvu chotchedwa gamma, n'kuyezedwa kuti mulibe kachilombo kalikonse lisanatsekedwe m'paketi. Khungu la nsomba yaiwisi lili ndi tizilombo ta m'madzi, monga Aeromonas, timene tikalowa pabala lamoto timadya mnofu mofulumira ndipo timatha kupha. Kuti chambo kapena makumba adzagwire ntchito imeneyi, pangafunike labotale yolikonza, njira yolipheramo tizilombo, ndi kuliyesa mwadongosolo. Ku Iceland kampani ya Kerecis imachita zofananako ndi khungu la nsomba ya cod, koma iyo imachotsamo maselo onse kuti litsale ulusi wokha, umene thupi limaulowa n'kuusungunula pang'onopang'ono.

Phaso musanafolere

Graft yopyapyala ikamatidwa pa mnofu wopanda dermis imagwira, koma imauma n'kukoka. Zili ngati kufolera udzu popanda phaso. John Burke, dokotala wa pa Massachusetts General Hospital, ndi Ioannis Yannas wa pa yunivesite ya MIT, ku America, anapanga phaso limenelo: chinkhupule chopyapyala cha kolajeni wa ng'ombe wosakaniza ndi chinthu china cha m'chichereche­re cha shaki, pamwamba pake pali kachikopa ka silicone, chinthu chofewa ngati labala. Anafotokoza za odwala oyamba mu 1981 ndipo chinaloledwa ku America mu 1996 m'dzina la Integra. Chikaikidwa pabala, maselo ndi timitsempha ta wodwala zimayanga m'timipata take kwa masabata awiri kapena atatu n'kumanga chinthu chofanana ndi dermis. Kenako silicone imachotsedwa, graft yopyapyala kwambiri n'kumatidwa pamwamba. N'chodula, ndipo tizilombo tikachilowa chimawonongeka.

Ku Adelaide, ku Australia, John Greenwood anatsogolera kupanga phaso lopanda chochokera ku nyama, la thovu la pulasitiki wotchedwa polyurethane limene limasungunuka lokha m'thupi, lotchedwa NovoSorb BTM. Limapirira tizilombo bwinopo, ndipo linagwiritsidwa ntchito pa anthu amene anapsa phiri la White Island litaphulika ku New Zealand mu December 2019.

Nazale ya maselo ndi khungu lopopera

Mu 1975 James Rheinwald ndi Howard Green anapeza njira yolimira maselo a epidermis m'labotale. Kachidutswa kakang'ono ngati sitampu kamatengedwa kwa wodwala, ndipo pakatha masabata atatu kamabala timapepala ta khungu tokwana kukuta thupi lonse. Njirayi inadziwika dziko lonse itapulumutsa ana awiri apachibale ku America amene anapsa maperesenti oposa 95 mu 1983. Mu 2012 mwana wa zaka zitatu wa ku South Africa anamatidwa khungu lotere ku Johannesburg, maselo ake atalimidwa ku Boston, ku America, n'kubwera pa ndege. Khungu la mu nazale ndi losalimba, limachita matuza msanga popeza lilibe dermis, ndipo mtengo wake ndi wa anthu ochepa. Masabata atatu odikirawo nawonso ndi ambiri kwa munthu wodwala kwambiri.

Fiona Wood ndi Marie Stoner a ku Perth, ku Australia, anaganiza kuti bala lenilenilo likhale nazale. Ntchito yawo inamveka kwambiri mu 2002, pamene anthu 28 opsa ndi bomba limene linaphulika ku Bali, ku Indonesia, anatengeredwa ku Royal Perth Hospital. Chipangizo chimene chinabadwa pa ntchitoyi, ReCell, chimagwira ntchito m'fiyeta momwemo. Kachidutswa ka khungu la wodwala kamanyikidwa m'mankhwala olekanitsa maselo, maselowo amapalidwa n'kusakanizidwa ndi madzi, ndipo pasanathe ola amapoperedwa pabala ngati kufesa mawere. Sikweyasentimita imodzi imatha kufikira masikweyasentimita 80. Chipangizochi chinaloledwa ku America mu 2018. Dzina lakuti khungu lopopera limanamiza pang'ono, chifukwa chopoperedwacho ndi mbewu, si khungu. Pabala losazama kwambiri mbewuyo imakwanira yokha, koma pabala lozama imapoperedwa pamwamba pa graft ya ukonde kuti mipata itsekeke msanga.

Kwa ife a khungu lakuda pali china chosangalatsa. M'madzi opoperedwawo mumakhalanso maselo opanga mtundu wa khungu, choncho malo opola satsala otuwa kwambiri. Pa chifukwa chomwecho, mu 2023 chipangizochi chinaloledwanso ku America pochiza vitiligo, matenda aja a mawanga oyera pakhungu, pamene mawangawo asiya kufalikira. Kulima maselo kwafika patali kuposa apa: mu 2015 ku Bochum ku Germany, mnyamata wobadwa ndi matenda a khungu losupuka lokha anamatidwa khungu latsopano pa maperesenti pafupifupi 80 a thupi lake, lolimidwa ku Modena, ku Italy, ndi gulu la Michele De Luca atakonza kaye chibadwa cholakwika m'maselo ake.

Bala likapola, chipsera chimayamba ntchito yake

Chipsera chimapitiriza kusintha kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Chimatupa, chimayabwa, ndipo chimakoka. Chikadutsa pa khosi, m'khwapa, pa chigongono kapena pa zala, chimapinda chiwalocho mpaka chibwano kumatirira pa chifuwa kapena zala kufumbatana osatambasukanso. Mmene wodwala amadzipindira kuti asamve ululu ndi mmenenso chiwalocho chimaumira. N'chifukwa chake a fizo amamanga timatabwa towongola ziwalo ndi kuumiriza mafizo kuyambira masiku oyambirira, ngakhale wodwala akulira. Zovala zothina zopanikiza chipsera zimavalidwa pafupifupi usana ndi usiku kwa miyezi yambiri, ndipo timapepala ta silicone timachifewetsa.

Pali kusiyana pakati pa chipsera chotupa chimene chimakhala m'malire a bala ndi keloid, chimene chimakula kupitirira malirewo ngati chotupa. Keloid imachuluka pa anthu a khungu lakuda, ndipo ambiri tinaionapo pa makutu obooledwa ndolo. Ikangodulidwa popanda chithandizo china kawirikawiri imabweranso, nthawi zina yokulirapo, choncho madokotala amaphatikiza kudula ndi jakisoni wa triamcinolone, kupanikiza, kapena cheza cha radiotherapy.

Chatsopano pochiza zipsera ndi laser, nyali ya kuwala kwamphamvu, imene imabowola chipsera timaenje tosaoneka ndi maso zikwizikwi, n'kusiya khungu labwino pakati pake, kuti kolajeni wolimba uja alukidwenso mofewa. Njirayi anaifotokoza koyamba Dieter Manstein ndi Rox Anderson mu 2004. Pa khungu lakuda imafuna dzanja losamala chifukwa imatha kudetsa malowo. Chiwalo chikauma kale, dokotala amachita ngati telala wowonjezera nsalu pa chovala chothina: amadula chipsera mokhotakhota ngati chilembo cha Z n'kusinthanitsa mbali zake kuti chitalike, kapena amasamutsa khungu lochindikala lokhala ndi mitsempha yakeyake, nthawi zina kulumikiza mitsemphayo ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi akuyang'ana pa maikulosikopu.

Zimenezi zikafika kwathu

Ku Malawi wodi yapadera ya mabala amoto ya ku Queen Elizabeth Central Hospital inatsegulidwa mu 1993, ndipo ya ku Kamuzu Central Hospital mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina. Ambiri ogonekedwa ndi ana aang'ono opsa ndi madzi otentha, phala kapena moto wophikira, ndipo amachuluka m'miyezi yozizira pamene mabanja amaothera moto ndi mbaula. Pakati pa akuluakulu, ambiri opsa mozama ndi odwala khunyu amene anagwera pamoto, ndipo mantha akuti ukamukhudza utengera matendawo amachititsa ena kuchedwa kumuchotsa. Khunyu sipatsirana mwa kukhudza.

Kafukufuku wa pa Kamuzu Central amene anafalitsidwa mu 2015 anapeza chinthu chimene chinadabwitsa ambiri: odwala amene anasendedwa ndi kumatidwa khungu m'masiku asanu oyambirira ankamwalira kwambiri kuposa amene anachitidwa opaleshoni pambuyo pake. Izi sizitanthauza kuti Janžekovič analakwa. Njira yake imadalira magazi okwanira m'nkhokwe, wodwala amene walandira madzi okwanira, fiyeta yofunda, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi chakudya. Munthu wopsa kwambiri thupi lake limanyeketsa chakudya mwina kuwirikiza kawiri, ndipo graft siigwira pa mwana wonyentchera, n'chifukwa chake chiponde, mkaka, mazira ndi Likuni Phala zili mbali ya mankhwala. Madokotala sanagwirizanebe kuti tsiku labwino la opaleshoni m'zipatala ngati zathu ndi liti. Ena amati kudikira pang'ono n'kotetezeka, ena amati chofunika ndi kukonza magazi ndi chisamaliro kuti kusenda msanga kutheke, ndipo ambiri amasenda pang'onopang'ono, gawo limodzi pa opaleshoni iliyonse.

Kwa mayi uja wa funso la chambo, chithandizo chokhala ndi umboni wamphamvu chili m'manja mwake momwe. Chotsani mwanayo pamoto, muvuleni zovala zonyowa ndi zotentha kupatula zimene zamatirira, chotsani zibangili ndi mikanda malowo asanatupe, ndipo thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20 zathunthu. Ngati mulibe mpopi, thirani ndi kapu mosalekeza. Zimathandizabe ngakhale papita maola atatu, ndipo zimachepetsa kuzama kwa bala, moti ena amapulumuka ku graft chifukwa cha madziwo. Ayezi ayi, chifukwa amafinya timitsempha n'kuwonjezera kuwonongeka. Thupi lonse lotsala lifundeni, pakuti mwana amazizidwa msanga. Mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi, mafuta ophikira, dothi ndi phulusa zimalowetsa tizilombo ndipo zimabisa bala kwa dokotala wofuna kuona kuzama kwake. Musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera, pitirizani kuyamwitsa kapena kumumwetsa, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati wapsa pa nkhope, m'manja, kumaliseche, molumikizira mafupa, kapena ngati balalo silikupweteka. Mukafika, auzeni adokotala chimene chamuotcha ndi ola limene wapsa, chifukwa madzi a dilipi awawerenga kuyambira pa ola limenelo.